Dibeti ya zipilala za nthawi ya ukapolo, tithandizane aphunzitsi a History

Madamu a ku Ngabu:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndili ndi vuto pano. Tapatsidwa mutu wa dibeti ya ana a Fomu 3 woti "zipilala zokhudzana ndi malonda a akapolo zigwetsedwe", ndiye ana anga akuti madamu zipilala zake ziti, ife kuno sitinazionepo. Mbali yovomereza yangokopera za ku Ulaya pa foni, mbali yotsutsa ilibe mfundo olo imodzi, ndipo dzulo poyeserera zafika poti mwana wina wauza mnzake kuti makolo ako ndi amene ankagulitsa anthu, kalasi yonse phokoso. Ndipange bwanji, dibetiyo ndi Lachisanu sabata ya mawa.

Sir a ku Nchalo:
Mutuwo wachokera ku Bristol, mzinda wa ku England, umenewo madamu. Mu June 2020 anthu anagwetsa chifanizo cha Edward Colston nkukachiponya m'madzi padoko. Colston anali mkulu mu Royal African Company yomwe inkanyamula anthu ku West Africa kupita nawo ku America. Apatseni ana zimenezo, mbali yovomereza yakwana.

Madamu a ku Ngabu:
Zimenezo ali nazo kale sir, mpaka aloweza. Vuto ndi loti akungolakatula, ukawafunsa Bristol ili kuti maso ali mwamba.

Mdala wa ku Bangula:
Ana inu mukuvutika chifukwa mukufuna chipilala cha munthu wogulitsa akapolo kuno ku chigwa, ndipo simuchipeza. Amene anasautsa anthu kuno ngati Mariano uja ankatchedwa Matekenya, wochokera mbali ya Apwitikizi kumunsi kwa Shire, palibe anamuumbira chifanizo. Zomwe tili nazo ife ndi manda a azungu amene anabwera ndi Livingstone kapena pambuyo pake. Ku Chikwawa kuli manda a Scudamore ndi Dickinson a mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA, anamwalira 1863. Kufupi ndi Kapichira kuli a Richard Thornton, katswiri wa miyala uja. Bishopu Mackenzie, mtsogoleri wa mishoniyo, anamwalirira kuno kwathu mu 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire ku Chiromo. Ndiye mukauza mwana wa kuno kuti tigwetse, iye akumva kuti tifukule manda, ndipo pa chikhalidwe chathu palibe mwana angaime kutsogolo nkunena zimenezo ndi mtima wonse, agogo ake akamva amukalipira. Nchifukwa chake dibeti yanu ikukanika kuyenda.

Sir a ku Nchalo:
Koma adala amenewo ankalimbana ndi ukapolo, ndiye sakulowa mu mutuwu.

Mdala wa ku Bangula:
Akulowa bwino lomwe achimwene. Mutu wati "zokhudzana", sunati "zolemekeza ogulitsa". Komanso musawayeretse kwambiri. Inde mu July 1861 Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame, gulu lomwe linkapita nawo ku Tete, koma Mackenzie yemweyo atakhazikika ku Magomero ananyamula mfuti nkukamenyana ndi Ayao, midzi inapsa, mpaka kwawo ku England anthu a tchalitchi anamudzudzula. Mwana wochenjera atha kuimirira nkufunsa kuti bwanji tikudziwa dzina la mzungu aliyense amene anafa ndi malungo kuno, koma mwa anthu 84 aja sitingatchule ndi atatu omwe. Mfundo imeneyo ndi yolemera kuposa za Bristol.

Wachinyamata wa ku East Bank:
Ine ndingowonjezera pa za Colston, chifukwa pali kanthu komwe ana amakaphonya. Munthuyo anamwalira 1721, chifanizo anachiimika 1895. Ndiye kuti si anthu a nthawi yake anachiika, ndi anthu ena apambuyo amene anasankha kumutamanda chifukwa cha ndalama zomwe anapereka ku masukulu ndi zachifundo. Chinanso, sanachisiye m'madzi, khonsolo inachivuula ndipo chinakaikidwa mu museum ya M Shed chogoneka, penti yomwe anthu anachipaka ili pomwepo. Mbali yotsutsa ingagwire pamenepo, kuti pakati pa kusiya ndi kuphwanya pali njira ina.

Madamu a ku Ngabu:
Eya izi ndiye zikundithandiza. Nanga za kutukwanana kuja? Chifukwa ndili ndi ana Achisena, Amang'anja, ndi angapo Achiyao ana a anthu a bizinesi pa trading, ndipo ndi iwowa amene akulozedwa chala.

Mayi a ku Nsanje boma:
Madamu pamenepo musadikire tsiku la dibeti, mukonze mawa lomwe. Ine ndimayamba ndi kulemba pa bolodi onse amene anali mu malondawa, Aswahili ndi Aluya monga Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga, mafumu ena Achiyao, Apwitikizi ndi asilikali awo otchedwa achikunda ku Zambezi, ndiponso mafumu ena a eni dera amene ankapereka anthu awo posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Ana akaona kuti mndandanda ndi wautali, chala chimatsika chokha. Kenako lamulo limodzi, wotchula mtundu wa mnzake ngati mfundo amuchotsera mamalikisi ndipo akhala pansi. Ndipo mbali musawasankhire inu, alembe timapepala atole, asadzati madamu anandiika kotsutsa chifukwa ndine wakuti.

Chenjezo lina, nkhani ya Amagololo muyende nayo bwino. Anthu aja anabwera ndi Livingstone nkutsala kwa Chibisa ndi mfuti, anateteza anthu othawa nkhondo ndi njala ya 1862 mpaka 1863, koma analandanso ulamuliro kwa Amang'anja ndipo ena ankalamula mwankhanza. Lero Kasisi, Katunga, Maseya ndi maufumu amoyo, mwina mdzukulu wakumpando ali mkalasi mwanu momwemo. Zoona zinenedwe koma mwaulemu, musadzaitanidwe kubwalo.

Sir a ku Nchalo:
Kkkk kubwalo ndi nkhuku m'manja. Koma ineyo ndikuonabe kuti mukusintha mutu wa eni ake. Majaji akabwera ndi mutu wawo wa kugwetsa, ana a madamu adzaoneka ngati asochera.

Mdala wa ku Bangula:
Sasochera. Woyamba kuyankhula ndi amene amamasulira mutu, ndiye anene poyera kuti zipilala zilipo mitundu iwiri, zotamanda munthu ngati cha Colston ndi zongosonyeza malo pomwe zinthu zinachitikira ngati manda ndi mtengo wa Livingstone ku Nkhotakota. Ovomereza alimbane ndi zoyambazo. Ndipo ali ndi chitsanzo chakwathu, Nsanje ankatchedwa Port Herald, Mangochi Fort Johnston, tinasintha mayina ndipo palibe anaiwala mbiri. Otsutsa anene kuti kuno vuto si kuchuluka kwa zipilala, ndi kusowa kwake, madzi osefukira ngati a Freddy mu 2023 akutigwetsera okha popanda dibeti. Awonjezere kuti malo otere amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, sungangodzuka ndi hamala.

Wachinyamata wa ku East Bank:
Pali nkhani ya chifanizo cha Mahatma Gandhi ku Blantyre 2018, achinyamata anakatenga chiletso kukhothi chifanizo chisanaimikidwe. Si ya ukapolo koma ikuonetsa kuti mkangano wa zifanizo unafika ndi kuno.

Mayi a ku Nsanje boma:
Imeneyo angoitchula pang'ono, akaitalikitsa majaji adzati atuluka mu mutu.

Madamu a ku Ngabu:
Takhuta akuluakulu. Mawa ndiyamba ndi za pa bolodi zija kenako timapepala. Ndikuganizanso zopempha ahedi atilole tikaone manda a ku Chikwawa Loweruka, olo ana 8 okha oyankhulawo, ngati ndalama ya minibasi ipezeka. Adala a ku Bangula, amene amayang'anira malowo tingawapeze bwanji?

Mdala wa ku Bangula:
Yambani mwadzera kwa amfumu a mderalo, musangofika ndi ana pamanda a eni. Ndipo munyamuke mmamawa, ikakwana 10 dzuwa la kumeneko ana sadzamva chilichonse. Nambala ndikutumizirani ku inbox netiweki ikabwera.