Pa kebulo pali intaneti yokha: tigule tuner ya QAM kapena ayi?

Mlendo_Ohio: Akuluakulu, funso kwa odziwa zamawaya kuno ku America. Munthu wasiya kulipira TV ya kebulo, watsala ndi intaneti yokha pa waya womwe uja wa coax. Anthu akuti matchanelo a m'dera monga ABC, CBS, NBC, Fox ndi PBS amadutsabe m'wayamo osalokedwa. Kugula tuner ya QAM (kachipangizo kolandira matchanelo a digito odutsa m'waya wa kebulo), ngati HDHomeRun, n'kwanzeru kapena n'kutaya madola?

Wamawaya: Musagule kaye achimwene. Zimenezo zinali zoona kale, pamene lamulo linkaletsa makampani kuloka matchanelo a m'dera. Mu Okutobala 2012 bungwe la boma loyang'anira zoulutsa mawu ndi zamatelefoni la FCC linalola makampani amene anasamukiratu ku digito kuti aziloka ngakhale matchanelo amenewa, ndipo akuluakulu ngati Comcast sanachedwe. Tuner imawaona matchanelowo, koma kuwatsegula siingathe.

Mayi_a_Mapasa: Si paliponse, bambo. Makampani ang'onoang'ono a m'matauni akumidzi ena sanaloke, komanso m'nyumba zina za lendi ndi m'mahositelo a ophunzira matchanelo amabwera otsegula kwa onse okhalamo. Ndipo kuyesa sikufuna ndalama. Ma TV ambiri ogulidwa kuno ali kale ndi QAM m'kati. Zulani waya ku modemu, muulumikize kumbuyo kwa TV, pa menyu sankhani Cable osati Air kapena Antenna, kenako muyambitse scan. Imachedwa, nthawi zina kupitirira mphindi 15, musaidule pakati. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikamaliza musasangalale ndi chiwerengero, TV itha kunena kuti yapeza matchanelo ambirimbiri pamene pafupifupi onse ndi mdima wolembedwa Scrambled. Werengani okhawo otulutsa chithunzi ndi mawu.

Mlendo_Ohio: Zikomo mayi. Nanga atatuluka, TV ndi modemu zigawana bwanji waya umodzi?

Wamawaya: Apa ndiye pamene ambiri amaononga intaneti yabwinobwino. Pamafunika splitter (kachipangizo kogawa waya) ya makomo awiri yolembedwa 5–1002 MHz ndi waya wa RG6. Khomo lililonse limadya 3.5 dB pa mphamvu ya siginolo, ya makomo anayi imadya 7 dB, choncho musagule yaikulu poganiza za mawa. Musanaike, lowani pa 192.168.100.1, patsamba la modemu, muone manambala. Mphamvu yotsika (yochokera kukampani) ikhale pakati pa -7 ndi +7 dBmV, yokwera (yopita kukampani) isapitirire cha m'ma 50 dBmV. Ngati yokwera ili kale pa 48, splitter iikankhira kuseri kwa 51, modemu iyamba kukuwa kuti imveke kukampani, kenako kumangozima n'kuyakanso, makamaka masiku otentha. Khomo lotsala lopanda waya litsekeni ndi kachivindikiro ka 75 ohm. Likakhala pululu phokoso limalowerapo n'kusokoneza ngakhale oyandikana nawo.

Chinanso, makampani ena ankaika fyuluta pamtengo kapena m'bokosi la panja yotchinga TV kwa olipira intaneti yokha. Imeneyo ndi katundu wa kampani, musaigwire. Muwerengenso mgwirizano wanu, chifukwa tchanelo kukhala chotsegula sikutanthauza kuti mwaloledwa kuonera osalipira.

Fundi_wa_Texas: Ine mbali yanga ndi yoti igulidwe, koma pa chifukwa china. HDHomeRun kapena Hauppauge WinTV-dualHD zimamva zonse ziwiri, QAM ya pa kebulo ndi ATSC ya mumlengalenga. Kebulo ikakanika, mumangolumikiza eriyo, ndalama sinapite pachabe. HDHomeRun imalowa pa rauta ndi waya wa Ethernet, ndiye aliyense m'nyumba amaonera pa foni, pa kompyuta kapena pa Fire TV, ndipo ya ma tuner awiri imalola matchanelo awiri nthawi imodzi. TV yokha siingachite zimenezo.

Mayi_a_Mapasa: Ndiye mukugulitsa eriyo, achimwene, osati QAM! Pamenepo tagwirizana. Eriyo ilibe mgwirizano ndi aliyense, manambala a matchanelo amabwera olongosoka, 4.1, 7.1, ndi ndandanda ya mapulogalamu. Pa QAM tchanelo chomwecho mutha kuchipeza pa 84.3 chopanda dzina, mwezi wamawa kampani yachisuntha, muyambirenso scan. Sakuchenjezani, poti inu m'kaundula wa TV mulibemo.

Wamawaya: Komanso makampani akulanda malo a TV m'wayamo kuti akulitse intaneti. Tchanelo chimodzi cha 6 MHz pa 256-QAM chimanyamula pafupifupi 38 Mbps, ndipo iwo akufuna malowo apite ku DOCSIS 3.1, njira yotumizira intaneti yothamanga pa kebulo, TV isamukire pa intaneti. Zotsegula lero si zodalira.

Fundi_wa_Texas: Zoona, koma tisaiwale okhala kuchigwa kapena kutali ndi nsanja, kumene eriyo ya m'nyumba siigwira kanthu. Kwa amenewo, ngati scan ya mayi yatulutsa matchanelo asanu aja ndipo kampani ikuvomereza, tuner ili ndi phindu. Mukamagula yakale pa eBay muonetsetse kuti palembedwa Clear QAM. Timabokosi totchipa tolembedwa ATSC yokha sitiona kanthu pa kebulo. Dikoda kapena TV yochokera kumudzi ndiye musanyamule n'komwe, kwathu ndi DVB-T2, kuno siilankhula.

Mlendo_Ohio: Ndamva. Ndiyamba ndi scan. Ikakanika, eriyo ndingailumikize pa mawaya omwe ali kale m'makoma?

Wamawaya: Mungathe, bola isakumane ndi waya wa kampani pa splitter imodzi. Zikakumana, siginolo ya kebulo imatulukira pa eriyo, ya mumlengalenga n'kulowa m'kebulo, zonse ziwiri n'kuonongeka. Pitani pomwe mawaya onse amakumana, waya wa kampani upite wokha kuchipinda cha modemu, otsalawo muwapatse eriyo. Musankhenso eriyo yogwira VHF ndi UHF, chifukwa masiteshoni ena akadali pa 7 mpaka 13, ndipo tija tapulasitiki tomata pawindo timavutika nawo.