Ndithandizeni abale, ndalama ikuoneka mu wallet koma sikusuntha

Bambo a Tadala: Pepani kulemba usiku chonchi, tulo sitikubwera. Mlamu wanga wa ku Johannesburg ndi amene anandilowetsa m'gulu lina la ndalama za pa intaneti (crypto) la pa Discord, app yochezerana, ati ndi DAO, kulibe bwana, mamembala amavota okha. Chilowereni mwezi wathawu sindinamvepo kanthu. Zipinda zokambirana zoposa 30, aliyense akungolemba "gm", ndikafunsa amandiponyera link ati kawerengeni. Msonkhano amachita 2 koloko usiku nthawi yathu ino poti ambiri ali ku America. Magetsi akathima foni ndimakatchajitsa kwa neba wa sola, neba yemweyo tinayambana chifukwa nkhuku zake zinandithera mpiru wonse kuseri kwa nyumba. Mayi a Tadala akuti bandulo ndikuthera zinthu zosagwirika pomwe fizi sinakwane. Mlamu uja chitumizireni USDT 40 (ndalama ya pa intaneti yoyenderana ndi dola ya ku America) sakuyankhanso foni, ndi yemweyo sanabwere pa maliro a amalume chaka chatha. Ndalamayo ndikuiona ndi maso anga mu wallet, app yosungiramo ndalamazi, koma ndikati nditumize ikukana. Ndabedwa kodi?

Mkulu wa Bitcoin: MWAYAMBIRA POLAKWIKA ACHIMWENE! Ndakhala ndikunena m'gulu muno: Bitcoin yokha basi. Inayamba 2009, sidzapitirira 21 miliyoni, palibe kampani yoigwira pakhosi. USDT ili ndi mwini wake, kampani ya Tether, ikafuna itha kuimitsa ndalama pa adiresi yanu. Ma DAO enawa ndi anyamata asanu okhala ndi ma token ambiri (timakobiri ta gulu topatsa mphamvu pa voti), voti yanu ili ngati dontho m'nyanja ya Malawi.

Thoko wa makompyuta: Bambo, ikakana ikulemba mawu oti chiyani? Ndipo USDT yo ili pa network iti? Imayenda pa Tron, pa Ethereum, pa BNB Chain ndi kwina. Popanda kudziwa zimenezi tingolota.

Mayi Nabanda: Mwandikumbutsa zanga. Ine ndinafunsa chimodzimodzi m'gulu lina la pa Telegram, pasanathe mphindi zisanu wina wandilembera kumbali, chithunzi ngati cha admin, waulemu kwambiri, "amayi musadandaule". Anati ndimupatse mawu 12 achinsinsi otsegulira wallet aja kuti aikonze. Kutacha munalibe kanthu, K300,000 ya bizinesi ya kaunjika. Ndinagona masiku atatu osadya. Mpaka lero amuna anga sadziwa kuti inapita kuti.

Aphiri a ku Area 25: Munthu wamkulu fizi sunalipire uli pa Discord 2 koloko usiku? Reserve Bank inanena kale mu 2019 kuti zimenezi si ndalama yovomerezeka kuno, zikasowa mukadandaula kwa ndani? Mverani akazi anu, lowani banki mkhonde.

Mkulu wa Bitcoin: Aphiri, banki mkhonde yanuyo inasunga chiyani kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? Yankhani kaye limenelo.

Aphiri a ku Area 25: Inasunga fizi ya ana anga atatu. Inu mukudya Bitcoin kwanuko?

Jah Man: Ine ndatsalira pa nkhuku. Neba analipira mpiruwo? 😂

Chisomo ku Leeds: Musawadzudzule, vuto si lawo. Ndimathandiza kuyang'anira gulu lina lotere ndipo alendo ambiri amathawa sabata yoyamba. Mlendo safikira kuchipinda, amayamba wapatsidwa mpando ndi madzi. Ife tinatseka zipinda zambiri kwa obwera kumene, amaona zitatu zokha, ndipo pali munthu wodziwika dzina wowalandira. Misonkhano timasinthasintha nthawi kuti a ku Africa asamadzuke pakati pa usiku. Alendowo amayamba kuyeserera pa network ya Sepolia, ndalama zake ndi zoseweretsa, ukalakwitsa sutaya kanthu. Kuvota timachita pa website ya Snapshot, sikufuna gas, kandalama kolipira network kaja. Ndipo pakhomo pomwe tinalemba kuti admin sadzayamba kukulemberani kumbali.

Mkulu wa Bitcoin: Zonsezo ndi kupaka penti nyumba yopanda maziko. Mlendo weniweni ali kumudzi ndi kafoni ka mabatani, alibe Discord. Machankura, imene anapanga Kgothatso Ngako wa ku South Africa, imatumiza Bitcoin pa USSD monga momwe mumagulira mayunitsi, intaneti osafunika. KUPHWEKA NDI KUMENEKO!

Chisomo ku Leeds: Achimwene, munthu wafunsa za USDT 40 yake, inu ulaliki wachitatu uno.

Thoko wa makompyuta: Mwina ndi gas chabe. USDT siilipirira yokha ulendo, zili ngati muli ndi thumba la chimanga pa siteji koma mulibe ya kondakitala. Adiresi ikayamba ndi T muli pa Tron, mufunika TRX pang'ono, ndalama ya network imeneyo. Ikayamba ndi 0x mufunika ETH kapena BNB, malinga ndi network. Komanso pali ma token abodza otchedwa USDT omwe amangooneka. Tumizani screenshot ya uthenga wokanawo, mawu 12 aja ayi.

Bambo a Tadala: Zikomo nonse. Aphiri, fizi ndinalipira theka, musandiweruze. Neba sanalipire, akuti nkhuku sizinali zake pomwe ndinaziona ndekha, yofiira ija ndimaidziwa. Mlamu wawerenga uthenga wanga koma zii. Pali wina wandilembera kumbali akuti ndi wa support, andithandiza ndikalemba fomu yake.

Mayi Nabanda: MUSALEMBE! Ndi omwewo!

Thoko wa makompyuta: Mublokeni ameneyo pompano. Bambo, adiresi yanu ikuyamba ndi T kapena 0x?