Kodi n'koyenera kuika pa intaneti nkhope za anthu amene ndimawajambula pamanja?

Wojambula wa pa Kasungu boma

Ndimapeza chakudya kudzera m'luso lojambula pamanja. Ndalama zimachokera ku zithunzi za m'timabuku ta zaumoyo ndi zaulimi komanso ku zikwangwani za masitolo, koma kwa zaka zinayi tsopano ndakhala ndikujambula chithunzi chimodzi m'kope langa m'mawa uliwonse ndisanakhudze ntchito ya kasitomala. Ndimagwiritsa ntchito pensulo ndi inki yakuda basi, ndipo pansi pake ndimalembapo maganizo anga pa nkhani imene ili m'kamwam'kamwa tsikulo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sindinajambule nduna kapena banki, koma dzanja la mayi wogulitsa tomato likufufuta mtengo pa kachidutswa ka katoni n'kulembapo wina. Mafuta atasowa ndinajambula akabaza atatsamira njinga zawo zamoto pamzere m'bandakucha, ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa ndimapita ku Chinkhoma kukajambula alimi amene akudikira kumva mmene mabelo awo ayendera.

Mwezi wathawu ndinali kumudzi wina woyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, kumene njovu zinali zitalowa m'munda usiku. Ndinapeza agogo ena aakazi atakhala pansi pakati pa mapesi othyokathyoka, atafumbata chitsononkho chimodzi chimene njovu inachisiya itachiluma theka. Ndinakhala chapatali n'kuwajambula mosamala kwambiri, mpaka mphini za pamasaya ndi mmene anamangira duku. Madzulo ndinaika chithunzicho pa Facebook ndipo anthu ambiri anachigawana. Patapita masiku atatu mdzukulu wawo anandiimbira foni n'kundifunsa ngati ndinawapempha agogowo. Anati pamudzipo pamveka mphekesera yoti gogoyo walandira ndalama zambiri chifukwa cha chithunzicho, moti achibale ayamba kubwera kudzafuna gawo lawo pamene m'nyumbamo mulibe ngakhale ufa. Sindinawapemphe, ndipo nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Ndikupempha nzeru kwa inu akuluakulu ndi anzanga. Kodi ndisiye kujambula nkhope zozindikirika? Mtima wanga ukukana, chifukwa ndimaona kuti mavuto a dziko lino amaoneka pankhope ya munthu kuposa pena paliponse, koma sindikufunanso kuti luso langa liziwonjezera katundu pamutu pa amene alemedwa kale.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Mtunthama

Mphwanga, ndayamikira kuti mwaulula nokha pamene munaphonya. Ife amene tinakula pa nthawi ya chipani chimodzi timadziwa mtengo wa ufulu umene mukuugwiritsa ntchitowo. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo la 1968 linkachititsa kuti munthu aganize kawiri asanalembe kapena kujambula chilichonse chokhudza boma, ndipo zinthu zinayamba kumasuka pambuyo pa kalata ya maepiskopi ya mu Marichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Lero gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wofotokoza maganizo anu, choncho sindingakulangizeni kuti mutseke kope lanulo.

Komabe malamulo omwewo, m'gawo 19 ndi gawo 21, amateteza ulemu wa munthu ndi chinsinsi cha moyo wake, ndipo agogo aja ali ndi ufulu umenewo mofanana ndi inu. Ine ndimasiyanitsa chonchi. Phungu kapena nduna inadziika yokha pamaso pa anthu, ndipo mukhoza kuijambula popanda kugogoda pakhomo pake malinga ngati simukuinamizira. Gogo wa kumudzi sanapemphe kutchuka, alibe womulankhulira, ndipo mwina sadzaona n'komwe zimene anthu akulemba pansi pa nkhope yake. Kwa munthu wotereyu, kupempha chilolezo ndi khomo lokhalo lolowera.

Mayi mlimi wa kwa Chulu

Achimwene ojambula, ine ndimakhala kufupi ndi nkhalangoyo ndipo ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi, ngakhale kuti mfundo yawo ndaimva. Chimene ndikuopa n'chakuti mutaya mtima n'kuyamba kujambula anthu opanda nkhope. Njovu 263 zitasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera kuno mu 2022, nkhani imene inamveka kwambiri kunjaku inali ya njovuzo, ya magalimoto akuluakulu amene anazinyamula ndi ya alendo amene adzabwere kudzaziona. Ife amene timachezera m'minda usiku wonse chimanga chikayamba kukhwima, tikusonkha moto ndi kumenya zitini kuti tiziopseze, tinkangotchulidwa kuti anthu ozungulira nkhalango, ngati kuti ndife mpanda. Sitidana ndi njovu, ndipo tikudziwa kuti ndi chuma cha dziko, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chithunzi chanu ndinachiona, ndipo ndinalira chifukwa ndinaonamo mayi anga.

Cholakwa chanu sichinali nkhope ayi. Munalakwa kukhala chapatali ngati mlenje. Kwathu kuno mlendo amayamba wafika kwa amfumu, amapereka moni, amanena chimene wadzera, ndipo zikatero mudzi wonse umadziwa kuti palibe ndalama imene yadutsa mseri. Mukanatero, mphekesera ija sikanapeza poima. Mwinanso agogowo akanakuuzani okha zoti mulembe pansi pa chithunzicho, ndipo mawu awo akanaposa anu.

Wolemba zikwangwani, Mchinji

Mnzanga, ntchito yathu ndi imodzi, ndiye ndilankhula za m'manja. Kuno kumalire a Mwami ndimajambula kawirikawiri amalonda ang'onoang'ono amene amapita ku Chipata n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo ambiri mwa iwo safuna kuzindikirika pa zifukwa zawo. Ndinaphunzira kuti msana wa munthu wosenza thumba, phazi long'ambika m'patapata, kapena zala zowerenga ndalama zimanena zambiri popanda kuulula mwini wake. Ndikafuna nkhope, ndimatenga maso a uyu, chibwano cha uyo ndi chitenje cha winanso, n'kupanga munthu amene kulibe koma aliyense akumudziwa. Kamera singathe kuchita zimenezi, ndipo apa ndi pamene pensulo imatiposetsa ojambula ndi foni.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu amene mumalemba pansi pa zithunzi. Ndakhala ndikutsatira ntchito yanu, ndipo ndaona kuti masiku amene mwakwiya, mawu amatalika n'kuyamba kuuza woonera zoti aganize, pamene dzanja lofufuta mtengo lija linanena zonse palokha. Ine ndimajambula lero, koma mawu ndimawagoneka mpaka mawa, ndipo nthawi zambiri m'mawa ndimapeza kuti theka lake n'losafunika. Kumbukiraninso kuti pali lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limene anthu ena amangidwapo nalo chifukwa cha zolemba zawo, choncho chilichonse chimene mukunena chokhudza munthu wotchulidwa dzina chikhale choti mukhoza kuchiikira umboni.

Wojambula wa pa Kasungu boma

Zikomo nonse. Chithunzicho ndinachichotsa pa Facebook usiku womwe ndinawerenga mayankho anu, ngakhale ndikudziwa kuti amene anachisunga m'mafoni mwawo sindingawalande. Loweruka ndinabwerera kumudzi kuja ndipo ndinayambira kwa amfumu monga momwe amayi a kwa Chulu ananenera. Amfumu anaitanitsa banjalo, ine ndinapepesa n'kufotokoza pamaso pa onse kuti palibe amene analandira kapena kupereka ndalama, kenako ndinang'amba tsambalo m'kope n'kulipereka kwa agogowo. Analiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anati duku ndinalikhoza koma ndinawakalambitsa mopitirira. Anandiuza kuti ndikafuna kuwajambulanso ndibwere nthawi yokolola mtedza, ndiwapeze ataimirira ndi khasu m'manja, ndipo chimenecho ndikhoza kuchionetsa kwa aliyense. Za njovu anati ndilembe kuti munda umene unadyedwawo unali wa ana amasiye atatu amene akuwalera.

Amzanga a ku Mchinji, njira yanu yophatikiza nkhope ndiyamba kuiyesa sabata ino pa alimi a ku Chinkhoma, koma ndikufunseni: mukasakaniza anthu atatu kukhala mmodzi, kodi mumalemba pansi pake kuti munthuyo ndi wopeka, kapena mumangosiya woonera aganize kuti munakumana naye?