Dokotala wanena ileum kapena ilium?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Potayipa mawu amene dokotala wajambula, mumadziwa bwanji kalembedwe ka liwu lachipatala lomwe simunalionepo? Ileum ndi ilium zikumveka chimodzimodzi.

Bambo a Chikondi:
Khutu lokha silikwanira pamenepo, achemwali. Onani chiwalo chimene chikukambidwa. Ileum ndi chigawo chomaliza cha matumbo aang'ono, ilium ndi fupa la m'chiuno. Lipoti likakhala la opaleshoni ya matumbo, lembani ya e. Palinso dysphagia, kuvutika kumeza, ndi dysphasia, kuvutika kulankhula. Apa samalani kwambiri, chifukwa wodwala sitiroko amatha kukhala ndi zonse ziwiri.

Mayi Nabanda:
Liwu likasowa mu dikishonale, kawirikawiri vuto ndi chilembo choyamba chosatchulidwa. Mukamva s yesani ps monga psoriasis, mukamva n yesani pn monga pneumothorax, t yesani pt monga ptosis, z yesani x monga xerosis. Komanso ife timasakaniza l ndi r, choncho fufuzani mbali zonse ziwiri.

Achimwene a ku Zomba:
Zoopsa zenizeni ndi hyper (kuchuluka) ndi hypo (kuchepa). Tsimikizani ndi zotsatira za ku labu: potassium ya m'magazi imayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 mmol/L, ndiye akatchula 2.9 imeneyo ndi hypokalemia, kuchepa kwa potassium. Manambala 15 ndi 50 nawonso amapusitsa pa mlingo wa mankhwala, chifukwa m'Chingerezi amamveka ngati ofanana. Chepetsani liwiro la mawu ojambulidwawo pang'ono chabe, mukachepetsa kwambiri mawu amapotoka. Zikakanikabe musalote, siyani mpata, lembani mphindi yomwe liwulo lili kuti dokotala adzadzaze yekha.