Mwana wanga wagwira kanjoka kobiriwira ndipo kakukana kudya, ndikapatse chiyani?

Bambo a Yamikani, Matawale

Abale anga, ndabwera ndi nkhani imene yatigawa pawiri kunyumba kwanga. Ine ndine kalipentala, ndimachita lendi ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo kuseri kwa nyumba kuli mtengo wa gwafa umene nthambi zake zimagwera pa mpanda wa bafa. Lachiwiri la sabata yatha mayi a kunyumba akupita kokasamba ndinangomva mfuu, sopo uko, chitenje m'manja. Ndinathamanga ndi mpini wa khasu, koma mnyamata wanga Yamikani, wa Sitandade 6, anali atandiyambirira kale. Ndinamupeza atavindikira chinthucho ndi ndowa, iye atakhala pamwamba pake, akulira kuti adadi musaphe.

Ndi kanjoka kobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, kowonda ngati pensulo. Ndinakayeza ndi tepi yanga kali m'kati mwa bokosi, kakukwana masentimita 55 kapena kuposa pang'ono, chifukwa sikaongoka kuti munthu uyeze bwino. Kuyambira m'khosi mpaka pakati kali ndi timadontho takuda, kumimba n'kotuwira chachikasu, ndipo lilime lake ndi labuluu, kunsonga kwakuda.

Bokosilo ndinakhoma ndekha ndi zotsala za matabwa a paini, kutsogolo galasi la windo yakale, pamwamba waya wa sefa. Ndinathiramo mchenga, ndinaikamo mwala umodzi ndi chivindikiro cha botolo chamadzi. Yamikani anafufuza pa foni yanga, pa intaneti akuti njoka yobiriwira imadya ziwala, nkhululu ndi mbozi. Ndiye mwanayu akaweruka kusukulu amakhalira kusaka ziwala m'dimba la anthu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, sikanadyepo ngakhale chimodzi. Dzana chiwala chinachita kukwera pamutu pake, iko kali duu. Kuyambira dzulo maso ake achita mbuu ngati a agogo a ng'ala, ndipo khungu lazilala.

Kodi kakufa? Ndikapatse chiyani? Mayi a kunyumba alamula kuti bokosi lisalowe m'nyumba, ndiye likugona m'shedi momwe ndimapalira matabwa. Komanso ndamva kuti pa mjigo anthu ayamba kunong'ona kuti aPhiri akhwima, pajatu mwezi watha ndinapeza oda ya madesiki 40.

Nangozo wa ku Chintheche

Bambo a Yamikani, za chakudya zidikire kaye. Mwana asapisemo dzanja m'bokosimo mpaka munthu wodziwa njoka ataona chithunzi chake. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri kuno kunyanja, ndipo vuto lathu ndi loti chilichonse chobiriwira timangoti namasamba. Pansi pa dzina limenelo pali zosaopsa, koma palinso imene m'mabuku amati green mamba, ndipo kuno ku Nkhata Bay iliko m'mitengo ya mango. Ana ake amaswa ali otalika kale masentimita 30 kapena 40, ululu ali nawo kuyambira tsiku lomwelo. Ndiye mawu oti "ndi kakang'ono" asakutonthozeni.

Ina ndi mbobo, ija a ku Joni amati boomslang. Yamphongo ikakula imakhala yobiriwira. Choipa chake ikaluma munthu samva kanthu kwenikweni, amadya nsima, amagona, kenako mawa lake magazi ayamba kutuluka m'nkhama, m'mphuno, ngakhale pa bala lakale. Mankhwala ake ndi apadera, amapangidwa ku Johannesburg, si opezeka pa chipatala chilichonse.

Mwanayo mumuyamikire mtima wachifundo, koma za kuvindikira njoka ndi ndowa mumuletse. Ndipo aliyense wogwira bokosilo asambe m'manja ndi sopo, chifukwa ndowe za njoka zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Ngati muli ndi khanda lokwawa, lisayandikire n'komwe.

Chekucheku, Durban

Achimwene, mayi Nangozo anena zoona, yambani ndi chithunzi. Jambulani mutu chapambali kudzera pa galasi, ndi china cha thupi lonse, mutumize kwa a African Snakebite Institute, ali pa Facebook ndipo amathandiza kuzindikira njoka. Ine ndimasamalira maluwa m'mayadi a anthu kuno zaka 11 tsopano, ndipo njoka zobiriwira ndimakumana nazo pafupifupi mwezi uliwonse m'nyengo yotentha. Mmene mwafotokozeramo, madontho akuda kutsogolo, lilime labuluu, kuwonda ngati pensulo, ndikuganiza kuti ndi imene kuno amati spotted bush snake. Ilibe ululu. Green mamba ilibe madontho otero, ndipo mutu wake ndi wautali, wa makona ngati bokosi la maliro (inu akalipentala mukudziwa chimene ndikunena). Mbobo mutu wake ndi waufupi ngati dzira, maso aakulu zedi, ndipo ikakhala yaing'ono ngati yanuyo imakhala yotuwa, maso okha ndiwo obiriwira. Komabe ine sindinaione, ndiye musandikhulupirire mpaka chithunzi chiyankhidwe. Mu 1957 katswiri wa njoka wa ku Chicago, Karl Schmidt, analumidwa pa chala ndi kambobo kakang'ono, anaganiza kuti kachepa moti sikangamuphe, anangolemba m'buku mmene akumvera, ndipo tsiku lotsatira anamwalira. Ameneyotu njoka inali ntchito yake.

Tsopano za ziwala. Mwanayo sanawerenge bodza, anangowerenga za njoka ya eni. Zimene zadzaza pa intaneti ndi za njoka zobiriwira za ku America, zomwe zimadyadi tizilombo. Yathuyi imafanana nazo mtundu wa khungu basi. Chakudya chake ndi nalimata, tiabuluzi ting'onoting'ono ndi tiachule tija timamatirira pa mabango ndi pa masamba a nthochi. N'chifukwa chake munakapeza pa bafa, kanabwera kudzasaka nalimata ndi tiachule pamalo a chinyontho. Chiwala mungachisiyemo mpaka Khirisimasi, sikadzachiyang'ana. Ndipo muzichotse lero lomwe, chifukwa nkhululu ikakhala ndi njala imatafuna khungu la njoka imene yangogona.

Za maso ambuuwo musadandaule, kakufuna kufundula. Khungu lakale likamalekana ndi latsopano, pakati pake pamalowa timadzi, ndiye maso amaoneka ngati mkaka chifukwa njoka ilibe zikope, diso lake laphimbidwa ndi mamba owala amene amachoka pamodzi ndi khungu. Pakapita masiku ochepa maso ayeranso, kenako patadutsa masiku ena angapo kafundula. Nthawi imeneyi sikaona bwino, sikadya, ndipo kamapsa mtima msanga. Masiku 9 osadya kwa njoka si njala.

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi bokosi lanulo. Mwakonzera njoka ya m'mtengo nyumba ya buluzi wa pamwala. Kanjoka aka moyo wake wonse kamakhala m'mwamba, kobisala m'masamba, chifukwa akabawi ndi amphaka amakasaka. Pa mchenga poyera kamaona ngati kagwidwa kale, ndipo njoka ya mantha sidya ngakhale muipatse chiyani. Liimikeni bokosilo choimirira, kutalika kuposa mulifupi. Mudule nthambi za gwafa yemweyo za masamba ambiri, mudzaze mpaka inuyo muzivutika kukaona. Mchenga chotsani, yalani nyuzipepala kapena dothi ndi masamba ouma. Madzi ikani m'mbale yoti kangathe kulowamo thupi lonse, ndipo m'mawa uliwonse muziwaza madzi pa masamba, kamakonda kumwa timadontho, komanso chinyonthocho chimathandiza kuti khungu lichoke lathunthu.

Dzuwa kamalifuna, koma samalani. Bokosi la galasi pa dzuwa la Okutobala limasanduka uvuni, kangafe musanamalize kupala thabwa limodzi. Liikeni poti dzuwa la m'mawa lizifika mbali imodzi yokha, mbali inayo pamthunzi, kazisankha kokha. Shedi ya malata masana imatentha, komanso fumbi la matabwa, vanishi ndi thinala si zabwino kwa iko. Pakhonde pansi pa mthunzi ndi bwino, ngati mayi angalole. Ikadzafika nyengo ya chiperoni kadzasiyanso kudya chifukwa cha kuzizira, njoka sigaya chakudya thupi likazizira.

Kakafundula, madzulo mugwire nalimata wamng'ono pa khoma pafupi ndi babu, wosaposa kunenepa kwa kanjokako, mumuikemo m'mawa chifukwa iko kamasaka masana, inu muchokepo. Mmodzi pa masiku 5 kapena 7 akwanira. Musagwire nalimata m'nyumba imene mwapopera mankhwala a udzudzu kapena a mphemvu. Achule akuluakulu a khungu la zithupsa aja ayi, ali ndi poizoni.

Ndikuuzeninso zimene mwina simukufuna kumva. Ine ndinasungapo kotere miyezi inayi. Kudya kankadya, koma usiku ndi usana kankakhula mphuno pa waya kufuna potulukira mpaka panachita bala, ndipo kanayamba kuwonda ngakhale kakudya. Nalimata wa kutchire amabwera ndi njoka za m'mimba, ndiye tangoganizani, njoka kudwala njoka. Ndinakamasula m'mpanda wa maluwa. Kuno anthu oweta njoka sakonda mtundu umenewu pa chifukwa chomwecho, amasankha zimene zaswedwera m'nyumba ndipo zimadya mbewa, monga corn snake kapena njoka yofiirira ya m'nyumba ija. Komanso kamathawa ngati madzi, mpata wongolowa pensulo ndi khomo kwa iko.

Malume a ku Ndirande

Hahaha aPhiri, madesiki 40 kenako njoka m'shedi, ngakhale ine ndikanakhala pa mjigopo ndikananong'ona nawo! Koma kunena mosaseka, musazitenge mopepuka. Mwana wa neba akangodwala malungo sabata ino, mudzamva dzina lanu kwa amfumu. Itanani landilodi ndi maneba awiri atatu masana dzuwa likuswa mtengo, aone okha kuti ndi kanjoka ka mwana wa sukulu, kali m'bokosi pa khonde. Chobisa m'shedi ndicho chimabala nkhani.

China, nyama zakutchire zili ndi lamulo lake, National Parks and Wildlife Act, lomwe analikhwimitsa mu 2017. Ngati mukufunadi kukasunga nthawi yaitali, kafunseni ku ofesi ya zanyama zakutchire ngati pakufunika chilolezo. Kufunsa n'kwaulere.

Mayi a Tadala, South Bend

Ndingochitira umboni zimene anena a ku Durban. Kuno ku Indiana mwana wa mnzanga wa kuntchito ali nayo yobiriwira imene amati rough green snake, ndipo imadyadi nkhululu zogula ku sitolo ya ziweto, amaziwaza ufa wa kashiamu asanaipatse. Ndinaionapo ikudya, ndinatuluka panja. Ndiye Yamikani musamukalipire, anawerenga bwino, njoka yake ndiyo ina. Koma mayi akunyumbawo ndili nawo mbali imodzi, ine sindingagone.

Bambo a Yamikani, Matawale

Zikomo nonse, ndachedwa kubwerera chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zoona ndi maso. Chithunzi tinatumiza, anayankha kuti ndi spotted bush snake yomweyo, yopanda ululu. Mayi Nangozo, uthenga wanu ndinamuwerengera Yamikani mokweza kawiri, ndipo pa za magazi otuluka m'nkhama paja anangoti zii. Walonjeza kuti akadzaona ina adzaitana munthu wamkulu.

Bokosi ndinaligwetsa n'kulikhomanso choimirira, masentimita 90 kutalika, ndinadzaza nthambi za gwafa, mipata yonse ndinamata ndi phala la utuchi ndi guluu. Titangokabwezeramo kanakwera mpaka pamwamba n'kuzimirira m'masamba, moti tinakhala mphindi zingapo tikukasaka ndi maso kali patsogolo pathu pomwepo. Lachisanu m'mawa tinapeza khungu litakoleka pa nthambi, lathunthu, lotembenuzika ngati sokosi, ngakhale timagalasi ta maso tili pomwepo. Kanjokako kanatuluka kowala ngati ndakapaka vanishi, ndipo maso ndi achikasu ngati golide kuzungulira kadontho kakuda.

Loweruka tinaikamo nalimata. Ine ndinachokapo monga munanenera achimwene a ku Durban, koma Yamikani anagona chafufumimba pa simenti patali pang'ono, osagwedezeka. Akuti kanatsika pang'onopang'ono, mutu ukugwedezeka ngati tsamba la mphepo, kenako kamodzi n'kamodzi kanamugwira pakati. Mchira wa nalimata unaduka n'kumavinavina pansi, iko osausamala, kanamutembenuza n'kuyamba kumeza kumutu. Mmene amandiitana ndinangopeza timiyendo takumbuyo tikulowa.

Malume, landilodi ndinamuitana. Anaima patali mamita atatu, anayang'ana, n'kunena kuti pofika pa 1 chisapezeke pa malo ake. Mayi a kunyumba anawomba m'manja. Ndiye nkhani ya chilolezo yatha yokha. Komanso dzulo ndaona kayamba kukhula mphuno pa sefa ija, ndipo ndamuonetsa Yamikani. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tikakamasule, koma osati pa gwafa wathu, chifukwa mayi ake anena kuti kakabwereranso ku bafa adzakaphera pomwepo. Tikupita nako kumtunda, m'mitengo ya m'mbali mwa Mulunguzi.

Khungu lija walimata m'kope lake la sayansi ndi selotepi, walemba deti ndi masentimita. Tsopano akundifunsa za njoka yofiirira yodya mbewa imene munatchula ija, akuti bokosi lisakhale chabe. Ndamuuza kuti akafunse amayi ake. Ndowa ija mpaka lero akukana kutungira madzi, ndikusungiramo misomali.