Zomwe ndapeza zokhudza mtundu wa nkhosa yanga

Ndikuthokoza nonse amene munayankha funso langa lokhudza nkhosa yaikazi ya mutu wakuda ndi thupi loyera, yomwe ndinailera ndi mkaka wa m'botolo make atafa. Ndinkafuna kudziwa mtundu wake komanso ngati ingathe kupikisana pa chiwonetsero cha zaulimi kuno ku Salima.

Ndinatsatira malangizo a inu amene munati ndisadalire zithunzi koma ndiitane alangizi a ziweto. Atafika kwathu ku Khombedza, anaiyasamitsa n'kupeza mano awiri akuluakulu kutsogolo, kusonyeza kuti yangopitirira chaka chimodzi. Atagwira mchira, womwe ndi wonenepa kumtunda, anati ndi yosakanikirana pakati pa Dorper, mtundu wodziwika ndi mutu wakuda wochokera ku South Africa, ndi nkhosa zathu zamakolo. Dorper yeniyeni sikhala ndi mchira wamafuta chotere, choncho mutu wakuda pawokha si umboni wokwanira woti nkhosa ndi Dorper.

Alangiziwo anati kuchiwonetsero ikhoza kupita, koma ndiyambe ndaidula ziboda zomwe zinakula mopindika, kuimwetsa mankhwala a njoka zam'mimba ndi kuichotsa nkhupakupa zomwe zinabisala kunsi kwa mchira, kumene sindinkayang'anako. Chomwe chikundivutabe ndi kuizoloweretsa chingwe, chifukwa inakula ikunditsatira yokha, motero ndikuiyendetsa pang'ono madzulo aliwonse. Amene mukufuna kupita ndi nkhosa kutali, funsiranitu chilolezo choyendetsera ziweto ku ofesi ya zaulimi.