Za Sienta ija: vuto silinali batire

Abale, paja ndinafunsa chifukwa chimene nyale ya batire imayakira pa dashboard ya galimoto yanga ya Sienta, magetsi n'kumafooka ndikamachokera ku Thyolo usiku. Ambiri munati batire yatha. Ayi ndithu, batire ilibe mlandu.

Amakaniko ena a ku Luchenza anayeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi. Injini ili chizimire, batire inasonyeza 12.4V. Atailiza, m'malo mokwera kufika cha m'ma 14V, inatsikira pa 12V. Apo zinadziwikiratu kuti alternator, chipangizo chimene chimachaja batire injini ikamalira, sikuchaja. Ataimasula anapeza ma brush, timakala todutsitsa magetsi mkati mwake, atadyeka, kwangotsala timitu, bearing nayo ikukhuluza. Ndinakagula alternator ina yakale ku Limbe, koma tinaiyesa kaye isanamangidwe, poti zina amakugulitsa zitafa kale.

Lamba wozungulitsa alternator nayenso anali atang'ambikang'ambika mkati, ndiye uja ankalira kwiii m'mawa kukagwa chiperoni. Bambowo anayamba achotsa waya wa negative ku batire, n'kujambula pa foni mmene lamba wakale wadutsira m'ma pulley, kenako anamanga watsopano. Pano ikuwerenga 14.2V, nyale ija yazima.

Inu amene munati ndiyese pochotsa waya wa batire injini ikulira, amakaniko akanitsitsa. Akuti zimenezo zimatha kuwotcha kompyuta ya galimoto.